Chipata cha Linga Sichigona Chotseka

A Maloko anatsika ku linga dzuwa litalowa kalekale, ndipo tisanamizire ntchito. Ntchito anaimaliza dzuwa likadali pamutu. Anachedwa dala, chifukwa kunyumba kunali chinthu chimene sankafuna kukachiona ndi maso awo.

Dzina la Maloko anawapatsa ndi anthu a mumsewu wawo, poti moyo wawo wonse unathera pa maloko, makiyi ndi mahinji. Wotaya kiyi ankathamangira kwa iwo. Mwamuna wotsekeredwa kunja ndi mkazi wake ankabweranso kwa iwo, akulankhula monong'ona. Eni ake ankadzitama kuti pa chitseko chimene aika loko iwo, ngakhale mphepo imayamba yaodira. Ndiye akuluakulu oyang'anira linga lakale la pamwamba pa phiri atatopa ndi chipata chimene m'mawa uliwonse chinkapezeka chotsegula, sanafune mmisiri wina koma iwowo.

Komatu loko woyamba tsiku limenelo sanamuike ku linga. Anamuika pa chitseko cha nyumba yawo, m'mamawa anthu asanadzuke.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi. Ali wamng'ono ankamutcha Kakiyi, chifukwa panalibe pamene sankalowa: m'bokosi la zida, m'matumba a malaya, ngakhale mumtima wa bambo ake umene anthu ankati ndi wachitsulo. Atakula anapita ndi mwamuna amene a Maloko anamukana kwamtuwagalu. Zimenezo akanakhululuka, mwana ndi mwana. Chimene chinawakhala pakhosi n'chakuti mayi ake atamwalira, mwanayo sanabwere kumaliro. Uthenga unapita, anthu anadikira, mpaka dothi lomaliza linagwera m'manda a Maloko maso ali kumsewu. Kuchokera tsiku limenelo dzina lake silinamvekenso m'nyumbamo.

Ndiye dzulo lake la tsiku lokwera ku lingali, foni inalira. Mawu anali aang'ono, onjenjemera, chapatali khanda likulira. Mwanayo anati wathawa kwa mwamuna, wabisala kwa mnzake, ndipo mawa akwera basi yamadzulo chifukwa alibe kwina kolowera.

"Musavutike kundidikira, bambo. Kiyi munandidulira uja ndikadali naye."

A Maloko anadula foni, n'kukasankha pa shelefu loko wolimba kuposa onse. Anaganiza kuti mwanayo akapeza kiyi wake akukana, amva yekha zimene pakamwa pawo pakanalephera kunena, ndipo abwerera kumene wachokera. Nkhope yake ndiyo ankaiopa. Ankadzidziwa bwino kuti akangoiona, mkwiyo umene anausunga zaka zonsezi usungunuka iwo asanafune.

Tsono atamaliza kuika loko wa ku linga ndi kuthira mafuta mahinji, anayamba kufunafuna chowachedwetsa. Mayi woonetsa alendo, wamfupi wa mawu aakulu, anaona kuti bambowa sakufulumira, ndipo anati bwanji awayendetse m'lingamo, poti n'zamanyazi munthu kukalambira m'munsi mwa phiri osadziwa za pamwamba pake. Anawaonetsa makoma okhuthala oti munthu angagone chopingasa pamwamba pake, timabowo tolozetsera mfuti, ndi mizinga yadzimbiri imene m'kamwa mwa wina mbalame inamangamo chisa. Anawasuzumiritsa m'chitsime chosema m'thanthwe. Anawakwezanso masitepe amiyala odyeka pakati ndi mapazi a anthu amene palibenso wowakumbuka.

Pomaliza anabwerera pa chipata chija. Mayiyo anafotokoza kuti nthawi ya nkhondo, belu likalira, anthu a m'munsi ankathawira kuno ndi ana ndi ziweto. Lamulo linali limodzi lokha: dzuwa likalowa mpiringidzo ugwe, ndipo asatsegulire munthu aliyense mpaka kutacha. Tsiku lina adani anafika mwadzidzidzi chamadzulo. Ambiri analowa, koma amayi ena amene anali kutali kumunda anafika mpiringidzo utagwa kale. Anagogoda usiku wonse. Mlonda wa pachipata sanatsegule, ndipo m'mawa anawapeza atagona pomwepo, onse ozizira. Mayiyo anawerama n'kuloza m'munsi mwa chitseko chakalecho, pamene thabwa linali lokandikakandika.

A Maloko sanayang'ane kwambiri pokandikapo. Iwo anakopeka ndi mpiringidzo, anaunyamula mbali imodzi n'kugwedeza mutu ndi kulemera kwake.

"Mlondayo anagwira ntchito yake," anatero. "Chitseko chotsegulira aliyense si chitseko."

Mayiyo anawayang'ana ngati akufuna kuwonjezera mawu, koma panafika alendo ena ndipo nkhaniyo inathera m'malere. Nthawi yoweruka itakwana, a Maloko anati atsalira kuti atseke okha, amuyese bwino loko wawo, makiyi adzabweretsa mawa. Mayiyo anangowachenjeza kuti njira yotsikira ilibe magetsi.

Anakhala pamwamba pa khoma, akuyang'ana tawuni ikuyaka pang'onopang'ono m'munsimo. Ankaona nyali za mabasi zikulowa mumsewu waukulu, ndipo basi iliyonse inkawabaya pamtima. Foni inanjenjemera m'thumba. Inasiya, n'kuyambiranso. Anaitulutsa osayang'ana, n'kuizimitsa.

Mvula yowaza itayamba ndi pamene ananyamuka. Anakoka chipata, anatseka loko, n'kumugwedeza mwamphamvu monga ankachitira nthawi zonse. Loko anangoti gwa. Anakoleka chikwama cha zida paphewa, n'kuyamba kutsika.

Njira inali ya miyala, yokhotakhota, mbali ina thanthwe mbali ina phompho. Pang'ono chabe kuchokera pa chipata inkadutsa pa kabwalo ka mitumbira yaifupi yopanda zizindikiro, pamene mayi woonetsa alendo anati anthu anaikapo amayi ofera pachipata aja. Masana a Maloko anadutsapo akuimba mluzu. Tsopano mluzuwo unawathawa. Mdima unali wandiweyani, ndipo tochi yawo inkangoonetsa mwala umodzi kutsogolo basi.

Kumbuyo kunamveka kulira kwa chitsulo.

Kwiiii...

Anaima. Mahinji amenewo anawathira mafuta okha masana omwewo, ndipo anawayesa, sankalira. Anadziuza kuti ndi nthambi. Anaponda mwala wina.

Kwiiii... gu!

Chipata! Anatembenuka, ndipo pamwamba paja panali kakuwala kofiira, kakang'ono, kakutsika ndi njira. Kanali ka nyali ya m'manja. Kankabwera mosafulumira, koma pamiyala sipankamveka phazi. Tochi ya a Maloko inayamba kufooka. Anaimenya pachikhatho. Inaphethira kamodzi n'kuzima.

Wonyamula nyaliyo anafika pafupi. Inali nkhalamba yaitali, yowonda, itavala chikhothi chakale chofika m'maondo. Phewa limodzi linali lotsika kuposa linzake, ngati la munthu wozolowera kusenza chinthu cholemera mbali imodzi. Kumutu inamanga nsalu yakuda kuphimba makutu onse awiri, mfundo ili pansi pa chibwano. Mvula inkagwa, koma chikhothicho chinali chouma.

"Ndinu mwatseka?" inafunsa nkhalambayo.

Mtima wa a Maloko unatsika pang'ono. Anaganiza kuti ndi mlonda wa usiku amene mayi uja anaiwala kuwauza. Anavomera kuti ndi iwo, napepesa kuti sanadziwe kuti m'katimo muli munthu. Koma pamene ankalankhula, dzanja lawo linakhudza thumba. Makiyi onse a loko uja anali momwemo. Nanga munthuyu watuluka bwanji?

"Kwanu kuja," inatero nkhalambayo. "Alowa onse?"

Za kunyumba kwawo sanauzeko munthu, ngakhale mnansi.

"Alowa," ananama a Maloko.

"Inenso ndinayankha choncho."

Inakweza nyali pang'ono. Maso ake anali olowa m'kati, ouma, a munthu amene sanagone zaka zambiri. Inapendeketsa mutu kuloza kumunsi, kumene kunali tawuni.

"Tamverani."

A Maloko anamvetsera. Poyamba mvula yokha. Kenako, kutali... go, go, go. Sikunali kotheka. Nyumba yawo inali kuseri kwa msika, kutali koti ngakhale mfuu siingafike. Koma mmisiri amadziwa mawu a chitseko chake monga mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Chinali chawo. Thabwa lachiwiri kuchokera pansi, lija linali ndi mng'alu.

Go, go, go...

"Amayamba ndi chibakera," inatero nkhalambayo, mawu ake ali phee. "Kenako chikhatho. Kenako zala zokha."

A Maloko anafuna kuthawa. Miyendo inakana.

"Wanga anali ndi mwana kumbuyo. Ndinamanga makutu, koma nsalu siletsa kanthu."

Go... go...

Kugogodako kunali kukuchepa. Kunatsika m'munsi mwa chitseko, pamene amagogoda munthu amene wakhala pansi.

"Kugogoda musakuope, bambo. Muope kukasiya."

Go...

Zii.

Anadikira. Palibe. Mvula yokha pamiyala. Anatembenukira kwa nkhalambayo kuti afunse, kuti apemphe, kaya kuti atani... Panalibe munthu! Panalibe nyali. Panali mitumbira yokha, ndi mphepo yozizira ikudutsa pa udzu.

Pamenepo miyendo inamasuka. A Maloko anautaya ukulu wawo pa phiri pomwepo, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Anaterereka, anagwa, bondo linang'ambika, anadzuka. Chikwama cha zida chinkawamenya m'nthiti. Ali mkati mothamanga anayatsa foni n'kuimba nambala ija, koma sinkapezeka. Anadutsa pa siteji ya basi pali mbee, anadutsa msika wotseka, agalu akuwauwa mbali zonse. Sankaopanso mzimu. Ankaopa chete uja.

Pakhonde pa nyumba yawo panalibe munthu. Panali kachikwama ka zovala konyowa, ndi kasokosi kamodzi ka khanda. Anatulutsa kiyi watsopano, koma kiyiyo anakana kulowa. Anapapasa ndi chala, ndipo anamva kachitsulo kakuthwa pabowo. Kiyi wakale uja, amene anamudula ndi manja awo mwanayo akuyamba sekondale, anali atathyokera m'kati. Mwanayo anamupotokola mpaka kumuthyola, osakhulupirira kuti bambo ake angasinthe loko.

"Kakiyi!"

Dzinalo linatuluka lokha, ladzimbiri chifukwa chokhalitsa. Palibe anayankha. Anazungulira nyumba, akuitana. Anasuzumira kubafa, kuseri kwa thanki yamadzi. Ndipo atatsala pang'ono kutaya mtima, anamva kachifuwa kakang'ono kakuchokera m'shedi yawo yogwirira ntchito, imene inalibe chitseko.

Anamupeza pansi pa benchi, pakati pa zidutswa za zitsulo, pomwe ankabisala ali mwana. Anali atadzipinda mozungulira khanda, zovala zili chonyowa, diso limodzi lotupa, zala zili magazi. Ananong'ona kuti mwamuna uja wamutsatira ndi basi ina, ndipo anamumva akufunsa anthu kumapeto kwa msewu. N'chifukwa chake anasiya kugogoda. Khandalo linali lotentha ngati chitsulo chochoka pamoto, ndipo silinkalira n'komwe.

Kuchotsa kiyi wothyoka m'loko ndi ntchito ya kaleza mtima, yofuna kuwala ndi manja osanjenjemera. A Maloko analibe chilichonse mwa zimenezo. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Anatenga nyundo yaikulu ndi chitsulo chokanulira, n'kuyamba kumenya chitseko cha nyumba yawo yomwe. Nyumba za anansi zinayamba kuyaka magetsi, anthu akuyesa kuti ndi akuba, ndipo atatuluka anangoti kakasi kuona mmisiri wa maloko akuthyola nyumba yake. Loko uja analidi wabwino, tisamunyoze. Sanagonje. Chinagonja ndi thabwa.

Anayatsa moto, anatulutsa mabulangeti a malemu mkazi wawo amene sanawakhudze chichitikire maliro. Mnansi wina, mayi wogwira ntchito ku chipatala, anabwera ndi mankhwala oziziritsa thupi, nati khandalo alitengere kwa dokotala kukangocha. Anthu atabalalika, mwanayo anakhala pa mpando wa mayi ake, akuyang'ana chithunzi chawo pakhoma. Analankhula osawayang'ana bambo ake.

"Tsiku la maliro a amayi, amuna anga ananditsekera m'nyumba, bambo. Anapita ndi kiyi. Ndinagogoda mpaka kunada."

A Maloko anakhala pansi pa simenti, bambo wamkulu wa imvi, n'kulira ngati mwana. Analira chifukwa cha mkazi wawo, chifukwa cha zaka zimene anadya mkwiyo wopanda mwini, komanso chifukwa cha manyazi. Atatha anapukuta kumaso, anakoka mpando n'kuuika pakhomo pamene panali chitseko, nyundo ili pamiyendo. Chakumapeto kwa msewu kunaima munthu kanthawi ndithu, akuyang'ana, kenako anabwerera. Usiku umenewo chitseko anali iwo.

Mawa lake, dokotala atanena kuti khandalo lichira, a Maloko anakweranso phiri, akutsimphina. Anati akapereke makiyi, komanso akathokoze mlonda uja, ngakhale mumtima ankadziwa kuti nkhaniyo siili choncho. Chipata anachipeza chili yasa. Loko wawo anali lende pa chingwinjiri, wotsegula bwinobwino. Anamutembenuza uku ndi uku, anayang'ana pabowo ndi diso la mmisiri. Panalibe pokandika ngakhale pamodzi.

Mayi woonetsa alendo sanadabwe. Anati amisiri ena anayesapo kale, ndipo maloko awo onse ali m'kabati. A Maloko anafunsa za mlonda wa usiku.

"Kuno kulibe mlonda wa usiku, bambo. Palibe amalola."

Iwo anafotokoza za nkhalamba yaitali, ya phewa lotsika, yomanga nsalu kumakutu. Mayiyo anaika pansi tsache limene anali nalo. Anati dzulo nkhani ija sanaimalize, ndipo anawatsogolera kunja kwa chipata, pa kabwalo ka mitumbira kaja. Kumapeto kwake kunali mtumbira wina wotalikirapo, woyang'anizana ndi chipata.

Anati pakati pa amayi amene anatsekeredwa kunja usiku uja panali mwana wa mlonda wa pachipata, ali ndi khanda kumbuyo. Mlondayo anamva mawu ake, anawazindikira. Mkulu wa asilikali atamufunsa ngati anthu alowa onse, anayankha kuti alowa, n'kung'amba malaya kumanga makutu. Nkhondo itatha anthu onse anatsika, koma iye anakana kuchoka. Anakalambira pa chipata pomwepo, nsalu ili kumakutu, ndipo mpiringidzo sanaugwetsenso mpaka imfa yake. Anapempha yekha kuti adzamuike kunja, osati m'kati.

"Anamwalira agogo anga akadali kamtsikana," anatero mayiyo. "Amene munakumana nawowo agona apa."

A Maloko anavula chipewa. Kenako anabwerera pa chipata, anachotsa loko wawo n'kumuponya m'chikwama. Mayiyo anafunsa kuti akuluakulu akawauza chiyani, ndipo iwo anati akawauze kuti mmisiri walephera. Anali asanalankhulepo mawu amenewo chiyambire ntchito.

Asanatsike anapitanso pa mtumbira uja. Anagwada movutikira chifukwa cha bondo lija, n'kuwerama pafupi ndi dothi, monga tichitira polankhula ndi munthu wosamva bwino.

"Alowa, bambo," anatero. "Onse awiri alowa."